Ana akungolemba kuti "lero kunatentha": tiwaphunzitse bwanji kuona kusintha kwa nyengo?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndimaphunzitsa sayansi m'Sitandade 5. Telemu yatha ndinauza ana kuti tsiku lililonse azilemba m'makope mwawo zimene akuona zikusintha panja. Sabata yoyamba anachita khama ndithu. Pofika sabata yachitatu aliyense ankangolemba kuti "lero kunatentha", ambiri mokopera kwa anzawo, ndipo ine ndinagwa ulesi n'kusiya. Ana ndi ambiri, zipangizo ndilibe. Kodi ntchito imeneyi ingatheke, kapena ndingowalembera nyengo za pachaka pa bolodi kuti aloweze?

Yankho: Ingatheke, aphunzitsi, ndipo ana anuwo musawadzudzule. Anachita zimene aliyense angachite atauzidwa kuti ayang'ane "panja". Panja m'pakakulu. Maso a mwana akapatsidwa dziko lonse amangoyendayenda, mapeto ake amalemba chimene khungu likumva, ndiye kutentha kuja. Chinanso, chilengedwe sichisintha mofulumira moti n'kuonekera tsiku ndi tsiku. Mtengo wa lero ndi wa dzulo n'chimodzimodzi, koma wa lero ndi wa masabata asanu apitawo ndi wosiyana kwambiri. Ndiye poyambira panu pakhale pochepetsa ntchitoyo: chinthu chimodzi, malo amodzi, tsiku limodzi kapena awiri pa sabata.

Gawani ana m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse likhale ndi mtengo wake pabwalo la sukulu. Mitengo ikachepa, magulu awiri agawane umodzi, ena nthambi ya kum'mawa, ena ya kumadzulo. Pamtengopo asankhe nthambi imene angaifikire ali chiimire pansi, popanda kukwera, ndipo amangirirepo kansanza kofiira mosathinitsa. Kansanza kameneka musakapeputse. Popanda iko, sabata ino mwana ayang'ana nthambi iyi, sabata yamawa ina, ndipo zimene alembe sizingafanizidwe. Kakakhalapo, maso onse amabwerera pamalo omwewo.

Akafika pa nthambi yawo, musawafunse kuti "mwaona chiyani?" Apatseni mafunso ochepa, omwewomwewo sabata iliyonse, oyankha kuti inde kapena ayi. Pali masamba anthete? Pali maluwa, ndipo atseguka? Pali tizipatso? Masamba akusanduka achikasu kapena akuyoyoka? Pali njuchi, mbozi kapena nyerere? Akatha pamenepo awerenge masamba kuyambira pa kansanza mpaka kunsonga, ayeze tsamba limodzi ndi rula, tsamba lomwelo nthawi zonse, kenako mmodzi ajambule nthambiyo ndi pensulo. Kujambulako si mpikisano wa luso. Mwana amene akujambula tsamba amakakamizika kuona kuti m'mphepete mwake ndi mosalala kapena mwa manomano, kuti masamba akhala moyang'anizana kapena mopatsana mpata. Mphindi 15 zimakwana. Pamwamba pa tsamba la kope palembedwe deti lonse, tsiku, mwezi ndi chaka, komanso nthawi. Zolemba zopanda deti, ngakhale zitakongola bwanji, sizithandiza munthu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwiritse kuposa zonse ndanenazi. "Ayi" ndi yankho lathunthu, ndipo liyenera kulembedwa. Ana amaganiza kuti akapita kumtengo n'kupeza kuti palibe chasintha ndiye kuti alephera, ndipo poopa kubwerako ndi kope lopanda kanthu amayamba kupeka kapena kukopera. Auzeni mobwerezabwereza kuti amene walemba "maluwa: ayi" wagwira ntchito yofanana ndi amene wapeza duwa. Chifukwa chake n'ichi. Tiyerekeze kuti gulu lalemba kuti pa 12 Ogasiti nthambi yawo inali ndi maluwa. Kodi maluwawo anayamba liti? Ngati palibe chimene analemba m'mbuyomo, sitingadziwe. Mwina anatseguka dzulo lake, mwina mwezi wathunthu wapitawo. Koma ngati pa 5 Ogasiti analemba kuti "ayi", ndiye kuti tagwira nthawi yake: ndi pakati pa masiku awiriwo. Ma "ayi" aja ndi amene amapatsa mphamvu "inde" woyamba.

Palinso kusiyana pakati pa "ndinayang'ana koma sindinaone" ndi "sindinayang'ane". Tsiku limene kunagwa mvula ana osatuluka, kapena sukulu inatsekedwa, alembe kuti "sitinapite", asasiye mpata wopanda kanthu ndipo asadzaze m'mbuyo mongoganizira. Kuona mtima kwa sayansi mwana amakuphunzirira apa, pa kamzere kamodzi ka m'kope, asanamve n'komwe mawu akuti kafukufuku.

Ndikukumbukira mtsikana wina wofatsa m'kalasi imene ndinkathandizira mphunzitsi mnzanga. Gulu lake linapatsidwa mtengo umene unali utayoyola masamba onse m'chilimwe, ndipo kwa masabata asanu ndi limodzi ankangolemba "ayi, ayi, ayi". Anzake anayamba kunyinyirika kuti anawapatsa mtengo wouma. Iye ankapitabe, n'kukweza nthambi ija ndi chala, n'kuyang'anitsitsa kunsonga. Tsiku lina anabwera akuthamanga, kope lili m'manja, nati, "Aphunzitsi, tabwerani, waphukira, koma masamba ake ndi ofiira!" Tinapita tonse. Kunsonga kwa nthambi kunali timasamba tinayi, topyapyala, tonyezimira ngati tanyowa, tofiirira ngati mkuwa. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho, pansi pali fumbi lokhalokha. Ndiye mnyamata wina anafunsa funso limene ine sindikanatha kuliika m'mutu mwake ndi choko: madzi wawatenga kuti? Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo ana aja anamvetsa mwambiwo popanda wowamasulira.

Funso la mnyamatayo lili ndi yankho. Mitengo yambiri ya m'nkhalango za miombo, monga mtengo wotchedwa tsamba ndi mombo, imaphukira masabata angapo mvula isanayambe, pogwiritsa ntchito madzi amene mizu yake imafikira pansi ndi chakudya chimene inasunga m'thunthu ndi m'mizu. Kufiira kwa masamba antheteko kumabwera ndi utoto wotchedwa anthocyanin, ndipo kubiriwira kumadza pambuyo pake tsamba likamakhwima. Ngati pafupi ndi sukulu pali msangu, musausiye. Umachita zosemphana ndi inzake: umayoyola masamba m'dzinja mvula ili mkati, n'kubiriwira m'chilimwe pamene ina ili mbee. Gulu la msangu ndi gulu la mtengo wina akaika makope awo pamodzi, mkangano umabuka wokha, ndipo ndi mkangano wabwino. Mlambe nawo uli ndi zake. Maluwa ake oyera amatseguka kukamada, amene amawayendera kwambiri ndi mileme, ndipo sakhalitsa, moti ana amangowapeza m'mawa atafota kapena atagwa pansi. Alembe zimenezo: "maluwa agwa pansi, tawerenga asanu ndi awiri."

Mwaona kuti m'zitsanzo zonsezi mwana akulemba chimene waona, osati chimene akuganiza. Kusiyanitsa ziwirizi ndi phunziro palokha. "Mtengo ukudwala" ndi ganizo. "Masamba atatu ali ndi madontho akuda" ndi chimene maso aona. Ine ndimawauza ana kuti alembe mzere pakati pa tsamba la kope, kumanzere "Ndaona", kumanja "Ndikuganiza kuti". Mbali yakumanjayo musaitseke, chifukwa m'mene mumatuluka mafunso. Kungoti ziwirizi zisasakanikirane.

Za zipangizo musade nkhawa. Choyezera mvula mungapange ndi botolo la pulasitiki la mbali zowongoka. Dulani kumutu kwake, mutembenuze chidutswacho n'kuchilowetsa m'botolomo kuti chikhale ngati fanulo. Popeza pansi pa botolo si posalala, ikanimo timiyala, thiranimo madzi mpaka angomiza timiyalato, ndipo pamene madzi alekezera palembedwe ziro. Kuchokera pamenepo lembani mamilimita potsatira rula. Ana awerenge m'mawa nthawi imodzimodzi, diso lili molingana ndi madzi, kenako atayeko mpaka abwerere pa ziro. Ya Loweruka ndi Lamlungu ilembedwe Lolemba ngati ya masiku atatu pamodzi. Auzeninso tanthauzo la nambalayo: milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Akawerengetsa malita amene agwa padenga la kalasi yawo pa mvula ya mamilimita 20, masamu aja amayamba kukoma.

Poika botololo ndi pamene ine ndinalakwitsapo. Chaka changa choyamba ndinaliika pafupi ndi khoma la kalasi kuti ana oyenda panja asaligunde. Itagwa mvula yamphepo tinapeza lasefukira, ana n'kusangalala kuti kwagwa chimvula choopsa, chonsecho ambiri mwa madziwo anali ochokera kudenga. Tinayamba kuwerenga mwatsopano, ndipo m'kope tinalemba chimene chinachitika, osang'amba tsambalo. Botolo likhale pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo. Mtunda wake ukhale wosachepera kawiri kutalika kwa chinthu chimene chili pafupi. Likwirireni pang'ono kapena mulimangirire ku chikhomo kuti mphepo isaligwetse. Themomita mukadzaipeza, ikhale pamthunzi, podutsa mphepo, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Yoikidwa padzuwa imayeza kutentha kwa galasi lake lomwe, osati kwa mpweya.

Chipangizo chimene ndimachikonda kwambiri ndi ndodo wamba. Zikani ndodo yowongoka pamalo osalala, mita imodzi itsale pamwamba, ndipo kamodzi pa sabata ana ayeze chithunzithunzi chake masana pamene chafupikitsitsa. Nthawi imeneyo siikhala 12 koloko yeniyeni paliponse, choncho tsiku loyamba ayeze mphindi khumi zilizonse kuti aipeze okha. Alembenso kumene chaloza. Pamalo amene ali madigiri 15 kumwera kwa ikweta (mzere wongoyerekeza umene umagawa dziko pakati, kumpoto ndi kumwera), cha pa 21 Juni chithunzithunzicho chimafika pafupifupi masentimita 80 ndipo chimaloza kumwera. Chimanka chifupika mpaka kumayambiriro kwa Novembala pamene chimatsala pang'ono kusoweratu, dzuwa lili paliwombo. Cha pa 21 Disembala chimakhala cha masentimita pafupifupi 15, koma tsopano chaloza kumpoto, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa limadutsanso paliwombo pobwerera. Manambala a kwanuko adzasiyana malinga ndi pamene sukulu ili, ndipo ndi bwino ana awapeze okha. Muwachenjeze kuti ayang'ane pansi, asayang'ane dzuwa.

Ndodo imeneyi ndi imene imakufikitsani pa gwero la nyengo. Dziko ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.5, ndipo pamene likuzungulira dzuwa, mbali ina imalandira kuwala kolunjika miyezi ina, mbali inayo miyezi inanso. Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali maganizo olakwika amene amafala ngakhale pakati pa akuluakulu, akuti kumatentha dziko likayandikira dzuwa. N'zoona kuti dziko limayandikitsitsa kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo limatalikitsitsa kumayambiriro kwa Julayi, pa makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Kwa okhala kumwera kwa ikweta zimenezi zimaoneka ngati zikugwirizana ndi maganizo aja. Koma m'Januwale yemweyo ku Ulaya kumakhala chisanu choopsa, chikhalirecho dziko ndi limodzi lomweli. Afunseni ana kuti zikutheka bwanji, muwasiye alimbane nalo funsolo kaye musanawapatse yankho.

Pakhoma la kalasi pakhalenso tchati chachikulu cha "zoyamba", chimene mwana aliyense angalembepo: tsiku loyamba kumva nyenje, loyamba kuona ngumbi zikuuluka, loyamba kumva achule, loyamba kuona ambululu m'chithaphwi, loyamba kupeza mame m'mawa. Wolemba aikepo deti, malo ndi dzina lake, ndipo ndi bwino pakhale mnzake wochitira umboni. Anamzeze ndi okoma kuwatsatira. Pali mtundu wina umene umaswana ku Ulaya ndi ku Asia n'kubwera kumwera kwa Africa cha mu Okutobala, kenako n'kubwerera cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo ena mwa iwo amauluka makilomita pafupifupi 10,000 ulendo umodzi. Si namzeze aliyense amene ndi mlendo, ena amakhala chaka chonse, ndiye ana alembe pamene aona kuti achuluka mwadzidzidzi pa mawaya. Dziwani chabe kuti "choyamba" chimadalira kuchuluka kwa maso. Ana 80 adzachipeza msanga kuposa ana 20, ngakhale nyengo itakhala yomweyo. N'chifukwa chake nthambi ya kansanza ija ndi yodalirika kuposa tchati, ngakhale tchati ndi chimene chimasangalatsa ana.

Zimene agogo awo amadziwa zilowenso. Mwana afunse wamkulu kunyumba zizindikiro zimene amaonera kuti mvula yayandikira, azilembe monga wauzidwira, kenako kalasi izitsatire chaka chonse n'kuona kuti zinachitika liti ndipo mvula inabwera patapita masiku angati. Chitani zimenezi mwaulemu. Anthu amenewo ayang'ana mitengo ndi mitambo zaka zambiri kuposa inu ndi ine, kungoti sanalembe madeti, ndipo madetiwo ndi amene adzukulu awo akuwonjezerapo.

Mwina mungadzifunse ngati ntchito yonseyi ili ndi phindu kupitirira mayeso. Asayansi amaitcha phenology, ndipo zolemba zake zofunika kwambiri zinachokera kwa anthu wamba amene sanatope. Mu 1736 Robert Marsham wa ku Norfolk, ku England, anayamba kulemba tsiku limene mitengo ya pamalo pake yaphukira, limene waona namzeze woyamba, limene achule ayamba kulira. Zizindikiro zake zinakwana 27. Atamwalira mu 1797, a m'banja lake anapitiriza mibadwo ingapo mpaka 1958. Ku Kyoto, ku Japan, madeti amene mitengo ya matcheri inachita maluwa kwambiri amapezeka m'zolemba zakale kuyambira m'chaka cha 812. Kwa zaka mazana ambiri nthawiyo inkagwa chapakati pa Epulo, koma mu 2021 inafika pa 26 Malichi, msanga kuposa chaka china chilichonse chimene chinalembedwa m'mbuyomo. Amene ankalemba madeti amenewo sankadziwa kuti tsiku lina adzakhala umboni wa kutentha kwa dziko. Ankangolemba zimene aona. Masiku ano ana asukulu m'mayiko oposa 100 amachita ntchito yofananayo m'pulogalamu ya GLOBE, imene inayamba mu 1995 ndipo bungwe la NASA, la ku America loona za mlengalenga, lakhala likuithandiza. Nawonso amaika chizindikiro pa nthambi n'kumayeza masamba ake ndi rula, monga mmene ana anu adzachitire.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti zolemba zotalika chonchi n'zambiri kumayiko ozizira, pamene za mitengo ya kumadera otentha n'zochepa kwambiri. Sukulu ndi malo abwino kwambiri otsekera mpata umenewu, chifukwa imakhalapo zaka zambiri, mitengo yake siisamuka, ndipo chaka chilichonse imalandira maso atsopano. Koma samalani kuti musawauze ana kuti chaka chimodzi chaonetsa kusintha kwa nyengo ya dziko. Mango akachita maluwa mochedwa chaka chino, mwina ndi za chaka chino chokha. Akatswiri a zanyengo amatenga zaka 30 kuti anene kuti nyengo ya malo akutiakuti ndi yotere. Pakali pano amagwiritsa ntchito zaka za 1991 mpaka 2020. Ana adziwe kuti iwo akuyala njerwa yoyamba.

Kuti zisafenso pa sabata yachitatu, ntchitoyi ikhale ndi nthawi yake yokhazikika, mwachitsanzo Lachiwiri belu la buleki lisanalire, ndipo m'gulu maudindo azisinthana: woyang'ana, woyeza, wolemba, wojambula, wodzafotokoza m'kalasi. Makope 80 simungawachonge sabata iliyonse, ndipo palibe chifukwa choyesera. Gulu likhale ndi kope limodzi, inu muzingoona ngati deti lilipo ndipo mafunso onse ayankhidwa. Musapereke malikisi ochuluka kwa amene "apeza zambiri", chifukwa mukatero mwawaphunzitsa kupeka. Kamodzi pa mwezi ikani makope onse patebulo, ana ajambule galafu ya kutalika kwa tsamba lawo kapena ya mvula ya mweziwo, ayale zojambula zawo motsatana kuyambira sabata yoyamba. Kusintha kumene sanakuone tsiku ndi tsiku kumaonekera pamenepo, ndipo mudzamva okha akuitanizana kuti adzaone. Nthawi ya tchuthi, pemphani ana awiri kapena atatu okhala pafupi kuti azidzayang'ana, makolo awo atavomera. Zikakanika, palembedwe kuti "sitinapite".

Chaka chikamatha, makopewo asapite kunyumba ndi ana. Kopererani madeti ofunika m'buku limodzi lachikuto cholimba, lisungidwe ku ofesi ya ahedi, ndipo kalasi yotsatira ilandire mitengo yomweyo. Patsamba loyamba la bukulo jambulani mapu a bwalo la sukulu osonyeza pamene pali mtengo uliwonse, dzina lake, nambala imene mwaupatsa, mbali imene kuli nthambi ya kansanza, ndi pamene pali botolo ndi ndodo ija. Nthambi ikathyoka kapena mtengo ukadulidwa, lembani deti lake ndi umene mwasankha m'malo mwake, kuti mphunzitsi amene adzabwere inu mutasamutsidwa adzadziwe poyambira.